Atalandira PhD, Abwereranji Kukaphunzira?

Ambirife timayesa kuti munthu akalandira digiri ya PhD ndiye kuti sukulu waikwera mpaka pansonga. Koma ku United States kuli akatswiri amene, atavala kale mkanjo wa digiriyo, amakakhalanso pansi pa mphunzitsi zaka ziwiri kapena zitatu kuti amvetse chinthu chimodzi: chifukwa chimene munthu amakanikira kuleka mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, chikhalirecho akudzionera yekha kuti akupita kumanda. Maphunzirowa amatchedwa postdoctoral. Ambiri mwa iwo amalipiridwa ndi mabungwe a boma monga NIDA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1974, ndi NIAAA loona za mowa, kudzera m'thandizo lotchedwa T32.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti wophunzirayo saloledwa kudzitsekera m'khola la phunziro lake lokha. Katswiri wa ubongo amakhala pamodzi ndi dokotala wa matenda a maganizo, wofufuza kafalidwe ka matenda, ndiponso wodziwa za chikhalidwe cha anthu. Nora Volkow, amene anayamba kutsogolera NIDA mu 2003, anaonetsa pojambula ubongo kuti mwa anthu omangidwa ndi chizolowezi, timalo tolandirira dopamine timachepa. Motero zokoma zamasiku onse zimazirala, ndipo chokoma chimatsala ndi botolo lokha. Izi n'zoona ndithu. Komabe chithunzi cha ubongo sichinena kanthu za ulova, za maliro amene munthu walephera kuwaiwala, kapena za kutchipa kwa mowa pamsika. Ine ndimakayikira katswiri amene amati yankho lonse lili m'labotale yake, monga momwe ndimakayikirira mkhristu amene amangoti “limenelo ndi tchimo basi” n'kupotoloka.

Kugwirana manja kotereku si kwachilendo kwa ife Akatolika. Mu 1939, pa chipatala cha St. Thomas mumzinda wa Akron, Sisitere Ignatia Gavin ndi Dr. Bob Smith, mmodzi mwa oyambitsa Alcoholics Anonymous, anayamba kugoneka zidakwa monga odwala enieni, pamene zipatala zambiri zinkazikana. Woyambayo anamugoneka m'kachipinda kosungiramo maluwa.

Kwa inu amene muli ku yunivesite ndipo mtima ukukukokerani ku ntchito imeneyi, dziwiranitu kuti T32 ndi ya nzika za America ndi okhazikika kumeneko mwalamulo. Wochokera kunja kawirikawiri amalowa kudzera kwa pulofesa amene ali ndi ndalama zakezake za kafukufuku. Pulofesayo amayamba wayang'ana zimene munasindikiza kale m'magazini a sayansi, kenaka n'kukufunsani funso limene mukufuna kuliyankha.