Kuseri kwa nyumba yanga si tchire

 Chithunzi ndinaika sabata yatha chija chautsa mafunso. Ena mukuti achimwene mwatopa kodi, bwanji kuseri kwa nyumba kwawirira chonchi? Mlongo wanga wa ku Area 25 mpaka akuti atumiza ndalama pa Mpamba kuti tilembe aganyu alambule Khrisimasi isanafike. Alongo, ndalamazo gulirani ana sopo. Zija mwaonazo ndi ndiwo zathu.

Malo aja mukuwakumbukira mmene analili. Dzinja kunkamera kapinga ndi tsekera, ife n'kukwapa ndi chikwakwa, kuunjika, kutentha. Pofika Okutobala kunkatsala mchenga wokhawokha, wotentha woti mwana sangaponde wopanda nsapato. Mayi a kunyumba ankasesa mmawa uliwonse mpaka maziko a nyumba anayamba kuonekera. Mvula ikagwa, madzi a pamalata ankakumba ngalande kuthamangira kumsewu, dothi lathu n'kupita nawo. Malo oyandikana ndi khitchini, oyandikana ndi bafa, koma osatipatsa ngakhale tsamba limodzi loti tiphike, pomwe kudimba ndi ulendo wa ola lathunthu.

Ndinayamba mu 2019, ndipo anandiphunzitsa ndi mtengo wa nsangu. Aliyense wolima kufupi ndi Linthipe akudziwa kuti chimanga cha pansi pa nsangu chimabiriwira ngakhale osathira feteleza. Mtengowu umayoyola masamba mvula ikamayamba, masambawo n'kuwolera pomwepo. Nde ndinadzifunsa kuti ngati masamba ali chakudya cha nthaka, ife tikuwasesa ndi kuwatentha chifukwa chiyani? Pambuyo pake mwana wanga anandionetsa pafoni a Never Ending Food a ku Chitedze, omwe akhala akuchita zomwezi zaka zambiri. Alangizi amati permaculture. Ine ndimangoti kuseri.

Kapinga sindinamulime ndi khasu ayi, chifukwa ukamudula amachulukana, kachidutswa kalikonse kamamera pakokha. Ndinamukwapa n'kumusiya pomwepo. Pamwamba ndinayala makatoni opempha m'magolosale ku Salima, kenako mapesi, mankhusu a mpunga, ndowe za mbuzi ndi zitosi za m'khola la nkhuku. Udzu ukasowa dzuwa umafa wokha. Mvula itatha ndinavundukula, ndipo pansi panali pakuda, ponyowa, nyongolotsi zili nyakwinyakwi. M'mphepete kapinga amabwererabe mpaka lero, ameneyo ndi wamakani, timangomuzula.

Nkhani yaikulu kuno ndi madzi. Nyanja tili nayo pafupi, koma pakhomo mchenga sumasunga chinyezi, ndipo kumjigo palibe angakulole kutunga ndowa makumi awiri zothirira mitengo. Choncho ndinakumba dzenje lofika m'chiuno kumunsi kwa bafa, n'kudzazamo masamba ndi makoko. Madzi osamba, otsukira mbale ndi ochapira onse amalowa mmenemo. Mozungulira dzenjelo ndinabzala nthochi, mapapaya ndi nzimbe. Pakhomo pathu timasamba anthu asanu ndi mmodzi, ndiye werengani nokha ndowa zomwe kale zinkangotayika pamchenga tsiku ndi tsiku. Ana a nthochi ndinakatenga kwa munthu amene munda wake ndinauona ndi maso anga, chifukwa matenda a chisaka anatha nthochi m'madera ambiri ndipo amayenda ndi mbewu yomweyi. Madzi a pamalata ndinawatchinga ndi ngalande yopingasa yomwe ndinaibzala vetiva. Amaima kanthawi, n'kulowa pansi.

Mango awiri aja anabzala malemu bambo akadalipo, ndiwo denga. Pansi pake pali magwafa, mandimu ndi mpoza umodzi umene unamera wokha. Chamwamba ndi gilisidiya ndimazidula pachifuwa kuti zisatalike. Masamba a chamwamba amapita mumphika, a gilisidiya amagwera pansi kudyetsa nthaka. M'mipata muli nandolo ndi chinangwa, pansi penipeni kholowa ndi maungu zikuyanga. Bonongwe, chisoso, luni ndi denje sindinabzale. Zinangobwera zokha tsache litasiya kudutsapo.

Sindikunamizeni, kuseri sikutulutsa nsima. Chimanga chikadali cha kumunda. Koma mukukumbukira 2024. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza sankagulika, kenako mvula ya El Niño inadula chimanga chikumasula, n'kupserera chili chiimire. Ife tinakolola matumba osafika ngakhale mwezi wa Seputembala. Chinatigwira ndi kuseri kuja. Mmawa chinangwa chophika, masana nthochi zaziwisi zothira tomato, madzulo kansima kochepa ndi chigwada kapena nandolo. Papaya wosapsa ukamusenda n'kuphika ndi nsinjiro ndi ndiwo yabwino, funsani adzukulu anga. Mayi a kunyumba ankanyamula mandimu ndi mapapaya kupita ku Senga Bay, ena kugulitsa, ena kusinthanitsa ndi usipa kwa asodzi. Ndalama ya kuchigayo ndi ya mchere inkachokera kumeneko. Sitinagulitse mbuzi ngakhale imodzi, ndipo inu a m'tauni munangomva foni yanga kamodzi kokha.

Za njoka mwafunsa ambiri. Inde, pazaka zonsezi taonapo ziwiri, koma nazonso nkhokwe ndi milu ya njerwa zimasunga njoka ndipo palibe amaziphwasula. Mozungulira nyumba tinasiya mpata wa mapazi atatu umene timasesabe, tinjira tonse ndi toyera, nkhuku zimapalasa tsiku lonse. Udzudzu umaswana m'madzi oima, ndiye dzenje lija timaonetsetsa kuti likhale lodzaza zinyalala, madzi asaoneke pamwamba, ndipo neti timagonamo ngati kale. Chiswe nacho chilipo. Chinadya timitengo tiwiri ta mandimu chaka choyamba, koma chikapeza mapesi ouma chimatanganidwa nawo n'kusiya mitengo.

Inu abale a m'tauni, mukamabwera musavutike ndi mabisiketi. Makatoni mumataya kumsika aja ndi amene ndikufuna, apindeni muwaike pansi pa mpando wa minibasi. Nthanga za mapeyala musabweretse, kuno kumatentha, zimamera n'kufota.

Tsopano anansi anga, mawu awa ndi anu. Mwambo wathu ndi woti tikakolola mbuzi timazimasula, ndipo sindikutsutsa, nanenso ndili ndi mbuzi. Koma kumunda kukakhala mapesi okhaokha, kuseri kwanga kumakhala kobiriwira, ndiye mbuzi zonse za mudzi uno zimalunjika komweko. Chilimwe chathachi zinathyola mpanda wa bango katatu n'kudya timitengo 14 ta chamwamba tomwe ndinathirira ndi madzi osenza pamutu. Eni ake ndikuwadziwa, nawonso akudzidziwa. Kwa amfumu sindinapite, ndipo sindikufuna kupitako chifukwa cha mbuzi, ndife anthu oikana maliro. Mpanda ndikuulimbitsa ndi zikhomo za gilisidiya zomwe zimaphuka, koma zimafuna chaka kuti zigwire. Chaka chimodzi chokhachi, chonde, ana aziziyang'anira madzulo zikamabwerera kukhola.

M'machubu ndafesa chamwamba, magwafa ndi mapapaya, ndipo mitengo ya chinangwa ndi vetiva ziliponso. Mvula yobzalira ikangogwa mu Disembala bwerani mudzatenge, ndalama ayi. Amene ali ndi khola abwere ndi ndowa imodzi ya ndowe. Mundipeze mmawa dzuwa lisanakwere, chifukwa ikakwana 7 koloko ndimakhala ndapita kumunda.