Kuyenda Wekha Si Kutchona

Kwathu kwa Malenga Chanzi, m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, munthu sazoloŵera kuyenda yekha. Mlendo akalaŵira timamperekeza mpaka pa mseu. Wodwala akagonekedwa m'chipatala pamakhala womdikirira. Asodzi a usipa nawo amapita gulu, ena okoka chilimira, wina woyatsa nyali m'bwato lake kuti nsomba zisonkhane. Makolo adatisiyira mau akuti kali kokha nkanyama, tili tiŵiri ntianthu, ndipo tidakula nawo mau ameneŵa osawafunsa. Nchifukwa chake munthu akanena kuti akupita ku tchuthi yekha, kumene kulibe maliro, ukwati kapena malonda, anthu amayang'anana. Ena amati wayambana ndi akazi ake, ena amati alipo wina amene akumbisa.

Ine ndidayendapo ulendo wotere, ndipo ndifuna ndikusimbireni inu oŵerenga, pakuti ndikhulupirira kuti mwambi uja ngwoona koma ambiri a ife timaumva mbali imodzi yokha.

Ndine mmodzi wa ana a kunyanja amene adapita ku Joni kukafuna ntchito. Njira imeneyi si yachilendo. Agogo athu adaiyenda ndi Wenela kupita ku migodi ya golide, mpaka m'chaka cha 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalaŵi oposa 70, boma nkuimitsa ulendowo. Ambiri a iwo ankabwera ndi njinga, wailesi ndi mabulangete. Koma ena adapitiratu, osalemba kalata, osatumiza kanthu, ndipo ameneŵa tidawatcha matchona. Palibe mkazi wotsala pamudzi amene saliopa dzina limeneli.

Ku Johannesburg ndinkagwira ntchito yophika m'nyumba ina yodyeramo alendo. Ndinkadzuka kusanache, nkubwerera usiku m'kachipinda kamene khomo lake linkayang'ana khoma. Anthu anali ponseponse, m'matekisi, m'misika, m'makonde, koma miyezi inkatha popanda wondifunsa kuti kumudzi kuli bwanji. Mu July 2019 adandipatsa masiku anayi opuma. Masiku anayi sakwanira kufika kwathu, popeza basi yodzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete imadya masiku aŵiri kapena kuposa kupita kokha. Anzanga akapeza masiku otere ankagona, kapena kuwathera ku moŵa. Ine mtima udali pa chinthu chimene ndidamva kwa alendo a kuntchito, chakuti ku Lesotho, ulendo wa theka la tsiku kuchokera ku Johannesburg, kuli phiri limene anthu amatsetserekapo pa chipale chofeŵa atamanga matabwa ku mapazi, maseŵera amene eni ake amati ski.

Ndalama za ulendowo ndidazisunga pang'onopang'ono kuchokera pa zimene alendo ankatisiyira pothokoza. Komabe ndalama ya munthu wapabanja siikhala yake yekha. Kumudzi kudali fizi ya ana, ndipo malata a nyumba adali asanakwane. Choncho ndidaimba foni kwa akazi anga ndi kuwafotokozera zonse, mtengo wake ndiponso kuti ndipita ndekha chifukwa panalibe mnzanga wofuna kutaya ndalama pa kuzizidwa. Adakhala chete kanthaŵi, kenaka adati: "Bambo a Chisomo, zaka zonsezi simunapumepo. Pitani. Koma mundiuze dzina la malo amene mukagone, ndipo dzuŵa likamaloŵa muziimba." Ndidawatchulira maina onse, iwo nkuuza mwana wathu wamkulu kuti awalembe kuchikuto kwa kope lake.

Lesotho ndi dziko laling'ono lozingidwa mbali zonse ndi South Africa, ndipo lidalandira ufulu wodzilamulira mu 1966, zaka ziŵiri pambuyo pa ife. Ndi dziko lamapiri okhaokha. Malo ake otsika kwambiri ali pa mamita pafupifupi 1,400 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita osafika 500. Ndidaloŵera pa chipata cha Caledonspoort nkufika m'tauni ya Butha-Buthe, kumene ndidakwera minibasi yopita ku Mokhotlong. Mseu udayamba kukwera mokhotakhota pa Moteng, makutu nkumatseka, mitengo nkumachepa mpaka kutheratu. Ndidatsika pa Afriski, m'mapiri a Maloti, malo amene ali pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa ya ku Mulanje, imene ndi mamita 3,002. Nditangoyenda pang'ono ndi chikwama changa ndidayamba kupuma ŵefuŵefu ngati ndathamanga, chifukwa kumwamba kotero mpweya umapepuka.

Chipale chofeŵa nchovuta kuchifotokoza kwa munthu amene sanachione. Si matalala ayi, pakuti matalala ngolimba ndipo amaboola masamba a chimanga. Ichi chimagwa mwakachetechete ngati thonje, chimayera ngati ufa woyera woyanika pa mphasa, ndipo ukachifumbata chimaumbika. Dzuŵa likachiomba chimathobwa m'maso, nchifukwa chake aliyense amavala magalasi akuda. Sichigwa chokwanira chaka chilichonse, tsono eni malo amachipanga okha. Usiku kukazizira mpaka madzi kuuma, makina amapopera madzi m'mwamba, timadontho nkuuma tisanafike pansi. Nyengo yake ndi June, July ndi August, miyezi yomwe ija imene kwathu kumaomba mwera, nyanja nkukalipa, asodzi nkukokera mabwato kumtunda. Ndili chiimire pa phiri lija ndidaganiza kuti kuzizira kumene akazi anga ankakuthaŵa pokoleza moto m'maŵa ndi mphwake wa kuzizira kumene kunkandiluma zala.

M'maŵa mwake adandibwereka nsapato zolimba ngati chipika, matabwa aŵiri ndi ndodo ziŵiri, nkundiika m'gulu la ophunzira. Ambiri adali ana aang'ono. Mphunzitsi wathu, mnyamata wa Chisotho, adatisonyeza kuti pofuna kuima uyenera kusonkhanitsa nsonga za matabwa kutsogolo ndi kutambasula zidendene, kuti matabwawo aoneke ngati mphuno ya bwato. Adatinso tipinde maondo ndi kuŵeramira kutsogolo, kumene kuli phompho. Mantha amauza munthu kuti abwerere chagada, ndipo akatero matabwa amathaŵa, iye nkugwa. Amene adaimapo m'bwato pa mafunde akudziŵa zimenezi: ukaumitsa miyendo, nyanja imakutaya.

Ndidagwa kambirimbiri tsiku limenelo, ndipo apa mpamene ndidaona ubwino woyamba wa kuyenda wekha. Bambo wa zaka makumi anayi, amene kwawo amakhala pa mpando ana atakhala pansi, savomera msanga kukhala wophunzira pamaso pa omdziŵa. Pakadakhala mnzanga wa kumudzi, bwenzi nditagwa kaŵiri nkunena kuti bondo likuŵaŵa, tikakhale poti pali moto. Koma pamenepo panalibe wondidziŵa, tsono panalibenso ulemu woti ndiuteteze. Ndidagwa, ndidadzuka, ndidaseka pamodzi ndi ana, ndipo pofika madzulo ndinkatsika kamtunda ka ophunzira osagwa.

Chachiŵiri ndidachiona mwa anthu. Maseŵera ameneŵa ali ndi malamulo ake amene amatsatidwa m'maiko onse. Lina limati wochokera kumtunda ndiye ayenera kupeŵa amene ali kutsogolo kwake, popeza munthu alibe maso kunkhongo. Lina limati pakachitika ngozi, aliyense wopezeka pafupi ayenera kuthandiza. Lamulo limeneli silidandidabwitse, chifukwa pa nyanja bwato likagubuduzika safunsa kuti ndi la yani. Thabwa langa litavuka nkutsetsereka lokha, mayi wina wachizungu adalithamangira nkundibweretsera. Tsiku lachitatu ndidalimba mtima kukwera mtunda waukulu, umene kutalika kwake ndi pafupifupi kilomita imodzi. Okwera amakokedwa ndi chingwe cha makina, ndipo ndodo yake imatenga anthu aŵiriaŵiri. Wobwera yekha amamphatika ndi aliyense amene ali pamzere. Motero ndidakwera ndi mphunzitsi wa sukulu wa ku Maseru, amene atamva kuti ndine Mmalaŵi adandiuza kuti agogo ake adagwira ntchito m'migodi pamodzi ndi anthu akwathu. Amene abwera ndi mkazi kapena mnzake amacheza aŵiriwo basi. Amene wabwera yekha amakakamizika kupereka moni, ndipo moni ndiye khomo la chibale. Ndidaphunzira kunena kuti khotso, ndiko kuti mtendere, monga amalonjerana Abasotho.

Chachitatu chidali chete wa usiku. M'mapiri amenewo mumakhala abusa, ambiri a iwo anyamata, ofunda mabulangete, amene amaŵeta nkhosa ndi mbuzi kutali ndi midzi yawo kwa miyezi. Madzulo ndinkaona utsi wa khumbi lina patali, ndipo ndinkaganiza za mwini utsiwo. Ali yekha, koma atate ake akudziŵa chigwa chimene ali, akudziŵa chiŵerengero cha nkhosa, ndipo akudziŵa nthaŵi yomtumizira ufa. Dzuŵa likamaloŵa ndinkaimba foni monga tidapangana. Ana ankalimbirana kufunsa ngati chipalecho chimadyedwa, ndipo amai awo ankafunsa ngati ndavala zokwanira. Ndikatseka foni ndinkakhala pa windo osayatsa wailesi. Chete ameneyo adali wosiyana ndi wa m'kachipinda ka ku Johannesburg. Kumeneko ndinkathaŵa maganizo anga. Pa phiri ndidawalola kuti abwere, nkuŵerenga zaka zimene ndidakhala kunja, msinkhu wa ana, ndi malata otsala. Usiku wachitatu ndidadziikira chaka chobwerera kumudzi, ndipo m'maŵa ndidawauza akazi anga kuti nachonso achilembe m'kope lija.

Sindikunena kuti kuyenda wekha kulibe zoopsa. Phiri silisamala kuti ndiwe wolimba. Mu July 2009 mnyamata wina wophunzira kwambiri wa ku Brazil adasiya womperekeza nkukwera yekha ku Sapitwa. Nyengo idasintha, nkhungu idatseka njira, ndipo mtembo wake udapezeka patapita masabata oposa aŵiri, atafa ndi kuzizira. Pa phiri la ku Lesotho ine sindidatuluke m'malire amene eni malo adaika, ngakhale kuti kuseri kwake chipale chinkaoneka chokongola. Munthu amene ali yekha akathyoka mwendo poonekera, amathandizidwa. Akathyoka kuseri, amafunidwa maŵa, ndipo usiku wa kumeneko suyembekeza maŵa. Safunsa adadya phula. Woyenda yekha ayenera kufunsa kuposa woyenda ndi anzake, ndiponso kumvera zimene wauzidwa.

Tsono mwambi wathu uja ndimaumva motere. Kanyama kali kokha si munthu amene wakwera basi popanda mnzake. Ndi munthu amene palibe akudziŵa kumene ali, amene akapanda kubwera palibe wotuluka ndi nyali kukamfuna. Munthu wotere angathe kukhala pakati pa chikwi cha anthu ku Hillbrow, angathenso kukhala m'nyumba mwake momwe, akudya nsima ndi ana ake koma mtima utatsekedwa. Mtchona sayamba ndi ulendo wautali. Amayamba tsiku limene waleka kunena kumene akupita ndi zimene zili kukhosi kwake. Amene walaŵira bwino, ngakhale apite kutali chotani, amapita ndi anthu ake.

Kwa inu otsala pamudzi, amai ndi abambo, ndikupemphani kuti wina m'banja akapempha masiku aŵiri kapena atatu oti akhale payekha, musafulumire kumganizira zoipa. Amai amene alera ana asanu ndi kudwazika apongozi zaka zitatu ali ndi kutopa kumene tulo ta usiku umodzi sitingachotse. Mnyamata amene walephera mayeso nthaŵi zina amafuna malo oti alire popanda womuyang'ana. Sikofunika kufika ku Lesotho. Nkhalango ya Ntchisi ili pafupi nafe. Ku Nyika, m'miyezi ya June ndi July, udzu umayera ndi chisanu m'mamaŵa. M'nkhalango yathu ya Nkhotakota adabweretsamo njovu pafupifupi 500 m'zaka za 2016 ndi 2017, koma alipo ambiri obadwira kwa Malenga Chanzi amene sanapiteko kukaziona. Funsani wopitayo kumene akagone, ndalama zimene atenge ndi tsiku lobwera. Akayankha mosabisa, mperekezeni mpaka pa mseu monga mwa mwambo wathu.

Ndipo kwa inu opita, makamaka ana athu amene muli ku Joni, ku Cape Town ndi ku Durban, musachite manyazi kupuma, pakuti thupi limene mukutumizira nalo ndalama kumudzi ndi limodzi lomweli. Koma kambiranani za ndalamazo ndi a kunyumba musanaziwononge, tchulani dzina la malo, ndipo sungani nthaŵi imene mwalonjeza kuimba. Ine ndidabwerera kumudzi m'chaka chimene ndidalonjeza, ndipo masiku ano ndimalima mpunga m'dambo la makolo anga. Chaka chilichonse tikatha kukolola, akazi anga amapita okha kwa masiku atatu kumene asankha, ine nkutsala ndi ana ndi miphika. Asananyamuke amandiuza kumene akagone, ndipo dzuŵa likamaloŵa ndimakhala pafupi ndi foni.