Kale tinkangoombera m'manja

Kanema anatichedwera ife Amalawi. Nthawi ya Kamuzu kunalibe, ndipo pamene Television Malawi inkatsegulidwa mu 1999, ine n'kuti ndili kale ku sekondale. Masewero tinkawadziwira pa wayilesi ya MBC: Kapalepale, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino, kenaka Zimachitika. Nkhope za anthu ake tinkadzijambulira tokha m'mutu.

Kwathu ku Chilomoni, mzere wathu wonse kanema anali panyumba imodzi. Eriyo anaimangirira kunsonga ya nsungwi, ndipo mphepo ikawomba chithunzi chinkasanduka mchenga wokhawokha. Wina ankathamangira panja kukapotokola nsungwiyo, ife m'kati tikukuwa kuti, "Pomwepo! Pomwepo!" Ana tinkakhala pasimenti, nsapato titasiya pakhomo. Sewero la Tikuferanji likayamba, Manganya n'kutulukira, nyumba yonse inkafa nalo phwete, ngakhale nkhani yake inali ya Edzi, matenda omwe ankatipititsa kumanda sabata ndi sabata.

M'mawa mwake pampopi amayi ankakambirana za anthu a m'sewero ngati achibale awo: uyu ndi woipa mtima, uyu apirire. Panalibe wofunsa kuti walemba ndani. Kuona munthu wolankhula Chichewa m'bokosi lija kunali kokwanira, ndipo tinkangoombera m'manja.

Kenaka maso athu anayenda. Kunabwera mafilimu a ku Nigeria m'mavidiyo a m'misika, Generations ya ku South Africa, Africa Magic, Telemundo, Zee World, ndipo lero zonsezi zili m'foni. Munthu amene waonera nkhani mazanamazana amayamba kudziwa pamene nkhani yathyoka mwendo.

Ndinazionera m'nyumba mwanga momwe. Tsiku lina usiku tikuonera sewero lina lakwathu konkuno, mwana wanga wamkazi anaika chikho cha tiyi pansi n'kuloza kanema.

"Adadi, mayi awa sabata yatha amati sukulu sanapondeko. Nanga lero kalatayi akuwerenga okha bwanji?"

Ndisanayankhe, pakanema panatulukira gogo wakumudzi atakhala pamkeka, n'kuyamba kulangiza mdzukulu wake kuti ndi udindo wa aliyense kutengapo gawo pa chitukuko cha dera. Mwana uja anapukusa mutu. "Agogo a ku Ntcheu sangalankhule chonchi. Awa akuwerenga chikwangwani cha pachipatala."

Zinandiwawa. Ndinamuuza kuti anthuwa akuyesetsa, ndalama n'zochepa, tisamanyoze zathu. Koma nditagona ndinawakumbukira mayi anga, momwe amadzudzulira mwana mozungulira, poyamba kumufunsa ngati wadya, nkhani yeniyeni n'kubwera pambuyo. Wolemba sewero lija sanakhalepo pansi kumvetsera nkhalamba ikulankhula, kapena anamva koma sanapatsidwe mpata wolemba zomwe anamvazo. Mwana wanga ankanena zoona.

Mmene ndikuonera ine, vutoli lili ndi mizu iwiri. Masewero athu ambiri anakulira m'manja mwa mabungwe obweretsa uthenga, choncho uthenga umafika poyamba, anthu a m'nkhani n'kuwaumba pambuyo kuti aunyamule. N'chifukwa chake munthu amasintha khalidwe m'mphindi zisanu zomaliza, woledzera zaka makumi awiri n'kulapa chifukwa mfumu yalankhula. Muzu wina ndi chizolowezi chosewera popanda zolemba, kungogwirizana mutu wa nkhani basi kamera n'kuyatsa. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, ankatha kukugwetsa pansi ndi kuseka pongoponyerana mawu, chifukwa anali ndi mphatso ndiponso ankadziwana mpweya. Koma sewero lopitirira sabata ndi sabata limafuna munthu wosunga nkhani, wokumbukira kuti uje anatani mwezi watha, ndipo ntchito imeneyo ndi ya cholembera.

Luso lilipo m'dziko muno. Amene anaonera filimu ya Seasons of a Life ya Shemu Joyah akudziwa kuti Mmalawi akhoza kulemba nkhani yogwira mtima, yomwe siikuuza chochita koma n'kukusiya ukuiganizira masiku angapo.

Lero sewero likangotha, pa Facebook ndi pa WhatsApp pamadzaza: "nkhaniyi akungoikoka," "ilibe mutu," "mathero tinawadziwira koyambirira." Ena amapyola muyeso n'kuyamba kutukwana osewera, kunyoza nkhope ndi zovala, ndipo zimenezo ndimadana nazo, pakuti wosewera amalankhula zomwe wapatsidwa. Koma kudandaula kwenikweniko ndimakulandira ndi manja awiri. Munthu sataya data yake kudandaulira chinthu chomwe alibe nacho chikondi.

Inu okonza masewero, musanabwereke kamera ndi galimoto, yambani mwapeza wolemba. Mulipireni, mupatseni nthawi, dzina lake lioneke pakanema, ndipo mutumeni kumudzi akamvetsere momwe agogo amalankhulira. Mwana wanga sanasiye kuonera, sabata ino akhalanso pampando womwe uja.