Laputopu ya aphunzitsi inadzuka ku Cuamba

Laputopu yakaunjika imabwera yopanda chikalata chilichonse, ndipo ikadwala mwini wake amagwira njakata. Ndi zimene zinawaonekera aphunzitsi ena a ku Ngauma pamene yawo inayamba kuzima yokha kaamba ka madalaivala, timapulogalamu tija tolumikiza Windows ndi ziwalo za makina. M'katimo munali malikisi a ana a chaka chonse.

Mnyamata wokonza makompyuta ku Cuamba anayamba wakopera malikisiwo pa fulashi, kenaka n'kuikamonso Windows 10. Nkhawa ya aphunzitsiwo inali pa chiphaso, poti nambala yake anali asanaionepo, ndipo ndalama zogulira china analibe. Chikhalirecho chiphaso chotere chimamangiriridwa ku bolodi la makinawo, ndipo chimabwerera chokha akangolowa pa intaneti, bola mtundu wa Windows ukhale womwewo, Home kapena Pro.

Tsoka ilo, Wi-Fi nayonso inalibe dalaivala! Mnyamatayo anangolumikiza foni yake ndi chingwe, chiphaso n'kubwerera. Koma sanawabisire bambowo kuti Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo laputopu yokalambayo singakwanitse Windows 11.