Kalilima ndi bandi ya munthu mmodzi

Kwathu kuno chimbale chatsopano sachimvera m'chipinda chachete. Ife a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, nyimbo imatipeza ili kale pa ntchito: m'minibasi yochokera ku Limbe, pa sipika ya ometa tsitsi, pa kashopu ka anyamata oika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori kadi. Imalimbana ndi kulira kwa chigayo komanso kukuwa kwa oitanira. Nyimbo imene ingatiimitse pakati pa phokoso lotere imakhala kuti ili ndi kanthu. Kalilima, chimbale chimene Faith Mussa anatulutsa mu 2019, chinatiimitsa. Sikuti tonse tinachikonda nthawi yomweyo ayi. Chinatiimitsa chifukwa mawu tinawazindikira, koma zomuperekeza zinali zachilendo.

Faith Mussa tinamudziwa ndi gitala pachifuwa. Anakulira m'banja loimba nyimbo zauzimu, ndipo ambiri a ife tinayamba kumutsatira atatchuka ndi Desperate, kenako Mdidi. Pomvera nyimbo zimenezo, khutu linkatha kuika anthu m'malo awo: uyu wa gitala, uyu wa besi, uyu wa ng'oma, awa othandizira mawu. Mu Kalilima, chimene chinatuluka kudzera ku Beating Heart ya ku Britain, khutu limasowa powaika anthu aja. Ng'oma imagunda mosaphonya ngati wotchi. Besi ndi yolemera, ya makina, yonjenjemeretsa magalasi a minibasi. Gitala ilipo ndithu, koma siikhala kutsogolo nthawi zonse; imalowa, n'kunena mawu ake pang'ono, n'kupatuka. Mawu a woimbayo amabwera atasanjikizana, iye yemweyo kutsogolera, iye yemweyo kuvomera. Funso loyamba limene tinafunsana linali la anthu okulira m'makwaya a kusukulu: kodi anzake apita kuti?

Yankho lake lili pansi, pa mapazi. Mussa amadziwika ngati bandi ya munthu mmodzi, ndipo akamaimba pagulu amadalira kamakina kotchedwa loop station. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Woimba amaponda batani, n'kuimba kachidutswa kafupi, kaya ka gitala kapena kuomba m'manja, n'kupondanso. Kamakinako kamayamba kubwereza kachidutswa kaja osaleka. Pamwamba pake amaikapo besi, kenako chisekese, kenako mawu. Pakatha mphindi ziwiri, munthu amene waima yekha amamveka ngati anthu asanu ndi mmodzi. Koma kamakinako kalibe chifundo. Ukachedwa kuponda ngakhale pang'ono pokha, kuchedwako kamakusunga n'kumakubwereza mpaka nyimbo itatha, anthu onse akumva. M'bandi, woimba ng'oma wabwino amakudikira kapena kukukoka kuti ubwerere m'mzere. Apa palibe wokukoka. Choncho amene amati kuimba ndi makina ndi ulesi sanaganizire bwino za phazi limenelo.

Pakati pathu maganizo anagawanika pawiri, ndipo mpaka lero sanalumikizane. Ena akuti chimbalechi anachiphikira alendo, anthu a m'zisangalalo za ku Ulaya amene amafuna Africa yovinika m'chamba chimene anachizolowera kale. Ena akuti ayi, mverani bwino kagundidwe kake, ndi ka kwathu, kongokhala kuti kadutsira m'waya. Mbali zonse zili ndi pogwira. Beating Heart inayamba ndi ntchito yotenga nyimbo zakale zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya mu Africa, kuphatikizapo ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, n'kuzipereka kwa akatswiri a nyimbo za pakompyuta kuti azikonzenso. Nyimbo zakalezo zimasungidwa ku International Library of African Music, imene Tracey anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Chimbale chawo choyamba, cha nyimbo za ku Malawi, chinatuluka mu 2016. Pali chowawa m'nkhani imeneyi: mawu a agogo athu anakhala zaka zochuluka m'nkhokwe ya kunja, ndipo ambiri a ife tinawamva koyamba atadzera ku London. Koma palinso chotonthoza. Mu Kalilima amene waima pakati pa makinawo ndi mwana wakwathu, woimba m'chinenero chathu, ndipo dzina lili pachikuto ndi lake.

Tikaganiza mofatsa, kuimba wekha ngati gulu si kwachilendo m'dziko muno. Chida chotchedwa bangwe, chofanana dzina ndi dera limene ena a ife timachokera, chinali cha munthu mmodzi wodziimbira ndi kudziperekeza yekha. Malemu Daniel Kachamba a ku Chileka, amene anatisiya mu 1987, ankatulutsa besi, kayendedwe ndi nyimbo yeniyeniyo pa gitala imodzi, moti womvera pa wailesi ankayesa kuti alipo angapo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba babatoni ndi manja uku phazi likugunda ng'oma. Chimene chinkawaphunzitsa luso lotere kawirikawiri ndi kusowa. Zida zoimbira n'zodula, ndipo ndalama ya phwando limodzi ukaigawa kwa anthu asanu ndi awiri, aliyense amabwerera kunyumba ndi ya ndiwo yokha. Ulendo wa kunja ndiye wosayamba: bandi yonse ifunika ziphaso, ma visa ndi matikiti a ndege a munthu aliyense, pamene munthu mmodzi amanyamula gitala ndi chikwama n'kunyamuka. Kiyibodi itafala m'masitudiyo athu m'zaka za m'ma 1990, oimba ng'oma ndi besi ambiri anayamba kusowa ntchito pa chifukwa chomwechi. Loop station yangofikitsa patali njira imene inayambika kale.

Ngakhale kumene ndalama si vuto, oimba amafika pa mphambano yomweyi. Thom Yorke, mtsogoleri wa gulu la rock la ku England lotchedwa Radiohead, anatulutsa chimbale chake chayekha, The Eraser, mu 2006. Anachimanga kwambiri pa kompyuta mothandizana ndi Nigel Godrich, ndipo otsatira gululo anafunsa funso lathu lomwe lija la anzake. Chotiphunzitsa ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Mu 2009, atafuna kuimba nyimbozo pamaso pa anthu, Yorke anasonkhanitsa oimba ena, kuphatikizapo Flea, woimba besi wa Red Hot Chili Peppers, ndipo gululo linadzatchedwa Atoms for Peace. Nyimbo zobadwira m'makina zinakafunanso manja a anthu. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Apa ndi pamene pali nkhawa yathu, ndipo siikhudza Faith Mussa kwenikweni. Iye angathe kuima yekha chifukwa sanaphunzire yekha. Phazi lake limadziwa nthawi chifukwa anakula akuimba pakati pa makolo ndi abale, kumene ukathamanga amakuyang'ana, ukaphonya amakubwezera poyambira. Mawu anayi amene amawasanjikiza anayamba wawamva kuchokera m'kamwa mwa anthu anayi osiyana. Makina akungosunga zimene anthu anamuphunzitsa. Nkhawa yathu ili pa ang'ono athu. M'makwalala a kwathu, mnyamata wofuna kuimba masiku ano safunafuna anzake kaye. Amafunafuna kompyuta yokhala ndi FL Studio, kapena amalipira kwa mnzake amene ali ndi kasitudiyo kuseri kwa nyumba, nyimbo n'kutha tsiku lomwelo. Ena mwa iwo ali ndi luso lodabwitsa, ndipo njira imeneyi yatsegulira khomo ana amene sakanakwanitsa kugula ngakhale nsambo za gitala. Sitikunyoza zimenezo. Koma alipo ambiri amene ajambula nyimbo khumi asanaimbepo ndi munthu wina kwa ola limodzi. Akaitanidwa kuphwando, amangoika nyimbo yojambula kale n'kumakuwa pamwamba pake. Magetsi akazima, nawonso azima.

Bandi inali sukulu. Alleluya Band ya ku Balaka inalera Lucius Banda asanayambe kuimba payekha, ndipo iye anadzakhazikitsa Zembani Band imene inaleranso ena. Black Missionaries ya ku Chileka inapitirira pambuyo pa imfa ya Evison Matafale mu 2001 chifukwa panali anthu amene anaphunzira ali pambali pake. Ndirande Anglican Voices inaonetsa dziko lonse zimene mawu a anthu a m'dera limodzi angachite akamverana. M'magulu otere munthu amaphunzira zinthu zimene sizilembedwa m'buku la nyimbo: kufika pa nthawi yake pokonzekera, kutsitsa mawu ako kuti a mnzako amveke, kukhala chete mpaka mpata wako utakwana, kudzudzulidwa lero n'kubweranso mawa. Kompyuta siikwiya ukachedwa, siitopa, siikutsutsa. N'chifukwa chake ndi yokoma kugwira nayo ntchito, ndipo n'chifukwa chomwecho siingakulere.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi nkhani imeneyi ikutigwera pakhomo. M'sukulu za pulayimale muli phunziro la Expressive Arts, ndipo tonse tikudziwa mmene limathera m'makalasi ambiri: mphunzitsi amalemba mayina a zida pa bolodi, ana n'kukopera, belu n'kulira. Chifukwa chimene chimaperekedwa n'chakuti zida palibe ndipo ana ndi ochuluka. Zoona, m'madera athu kalasi ya ana oposa 100 si yodabwitsa. Koma Kalilima yatipatsa ganizo. Chimene loop station imachita, kalasi ingachite popanda waya ngakhale umodzi. Mzere woyamba uombe m'manja kagundidwe kamodzi osasintha. Wachiwiri ulowe ndi kugogoda madesiki, kapena kuponda pansi ngati madesiki palibe. Wachitatu ugwedeze mabotolo othiramo timiyala. Wachinayi utsogolere nyimbo, wachisanu uvomere. Mwana aliyense agwire kachidutswa kake uku akumva zidutswa za anzake. Ana ochuluka amene timadandaula nawo aja ndiwo zida zimene woimba wayekha amachita kuzipanga ndi makina. Mwana wodutsa m'kalasi yotere akadzakhala pa kompyuta adzadziwa chimene akusanjikiza, chifukwa anakhalapo chidutswa chimodzi cha nyimbo ya anthu ambiri.

Tikabwerera ku chimbalecho, kumva kwathu koyamba sikunasinthe, kwangozama. Tikuchimvabe ngati ntchito ya munthu waluso amene walowa m'nyumba ya makina osasiya chinenero chake pakhomo. Pali malo amene kugunda kosaphonya kuja kumatitopetsa, khutu n'kumalakalaka woimba ng'oma wamoyo woti achedweko pang'ono kapena athamangeko chifukwa chosangalala. Palinso malo amene mawu osanjikizana aja amatifika pamtima ngati kwaya yokonzeka bwino, mpaka kuiwala kuti ndi munthu mmodzi. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo sitikuona chifukwa chosankhira chimodzi.

Amene simunachimve, chifuneni m'njira yoti mwini wake apezepo kanthu, pakuti nyimbo zongokoperana pa memori kadi sizimugulira woimba ngakhale nsambo imodzi. Muchimvere kawiri. Koyamba mungomvera monga mmene mumamvera nyimbo ina iliyonse. Kachiwiri muwerenge zidutswa: chayamba n'chiti, chalowa pambuyo n'chiti, ndipo chikanakhala m'manja mwa munthu, akanakhala ndani. Mukatero muitane ang'ono anu atatu kapena anayi, mugawane zidutswazo, muyese kuimba nyimbo imodzi ndi manja, mapazi ndi mawu basi. Mudzaphonya kangapo, mudzasekana, wina adzanyanyala n'kubwereranso. Kuimba kumaphunziridwa choncho.