Ulendo wa ku Phiri la Hora

Iye amene afuna kuona Angoni a kwa M'mbelwa pa tsiku la cikondwerero cao anyamuke m'mwezi wa August, pamene dzinthu zalowa m'nkhokwe ndipo mwera ukali kuomba. Asaiwale copfunda cocindikala, pakuti Mzimba ndi dziko lakumtunda, ndipo cisanu ca m'mamawa sicicitira mlendo ulemu.

Wocokera ku Kasungu akafika pa Jenda ayamba kumva maina acilendo m'khutu la Mcewa: Embangweni, Ephangweni, ndi Edingeni, kumene kuli likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Maina amenewa anabwera ndi makolo kucokera kumwera kwa Afrika. Zwangendaba anaoloka nao Zambezi m'November 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa. Iye mwini anakafera kutali ku Ufipa, m'dziko la Tanzania, ndipo mwana wace M'mbelwa ndiye anabwerera ndi anthu nakhazikika kuno.

Cikondwereroco acicha Umthetho, ndipo cicitikira patsinde pa phiri la Hora, kumpoto kwa boma la Mzimba. Okonza ace ndi a Mzimba Heritage Association pamodzi ndi mafumu. Ng'ombe iphedwa monga mwa mwambo, mafumu a kwa Mzukuzuku, Mabulabo, Mzikubola ndi ena akhala m'malo mwao, ndipo Inkosi ikatulukira khamu lonse lipfuula Bayete.

Koma cimene mlendo sadzaiwala ndi ingoma. Amuna aima mzere, atabvala zikopa ndi nthenga, cishango kudzanja lamanzere, cibonga kulamanja. Musayembekezere kulira kwa ng'oma monga ku gule wa kwathu: pano nthaka ndiyo ng'oma. Nyimbo iyamba pansi pansi, akazi aomba m'manja ndi kululuta, tsono mapazi onse agunda pamodzi, pfumbi likwera, ndipo iwe woonerera umva kugundako m'cifuwa mwako. Nkhalamba imene inadza ndi ndodo uiona itaongoka ngati mnyamata. Sizodabwitsa kuti Donald Fraser, mmishoni wa ku Scotland amene anakhala ku Embangweni, sanafune kuti ingoma ife, nalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za m'chalichi pa maimbidwe a makolo ao.

Tsono kwezani maso, muyang'ane phirilo. Ndi thanthwe lalikulu loima lokha pakati pa cigwa, ndipo mbiri yace njowawa. Ca m'ma 1880 Atumbuka ena, otsogozedwa ndi Baza Dokowe, anakana ulamuliro wa Angoni nathawira pamwamba pace. Ankhondo anazinga phiri lonse nadikira. Pamwambapo madzi anatha, ndipo pamene ludzu linawatsitsa, ambiri anaphedwa pamalo pomwe lero pabvinidwa. Akulu asimba kuti Baza mwini anapulumuka nathawira ca ku Kasungu.

Inu makolo amene mudzapita ndi ana, muwauze zimenezi poyera, asayese kuti zishango zija zinapangidwira masewera. Koma muwauzenso kuti achere khutu. Adzamva kuti zidzukulu za ozinga ndi za ozingidwa zakhala pa mphasa imodzi, zinakwatirana kalekale, ndipo cinenero cimene zicezera ndi Citumbuka. Cingoni catsala m'nyimbo, m'maina ndi m'mau otamanda mafumu, ndipo ambiri aimba mau amene sangathe kuwamasulira. Ici cidetsa nkhawa akulu, ndipo ndi cimodzi ca zifukwa zimene asonkhanira caka ndi caka.

Dzuwa likapendeka, pakhosi pauma ndi pfumbi. Pitani kwa amai amene aphika kuseri kwa misasa, mugwade pang'ono, mupereke moni wa Monire, ndipo mupemphe maji, pakuti ndiwo madzi m'cinenero ca kuno. Adzakutungirani m'cikho, nadzakufunsani kwanu.