Tsiku limene ndinaona anamwino alikudumpha

Akulu anga ndi namwino. Amagwira nchito pa cipatala cina cacikulu mu Lusaka. Ndili mwana, ndinali kuganiza kuti namwino sadwala. Adwale bwanji munthu wokhala pafupi ndi mankhwala tsiku lonse?

Koma caka cina akulu anga anayamba kumva msana. Nthawi imeneyo ndinali kuphunzitsa Giredi 3, ndipo tinali kukhala nyumba imodzi. Akabwera kucokera ku nchito ya usiku, anali kukhala pampando ndi kubuula. Ngakhale kuvula nsapato kunali kuwavuta. Ndine ndinali kuwavula.

Nchito ya namwino si yopepuka iai. Amaimirira maola ambiri. Amanyamula odwala amene sangadzuke okha. Amawatembenuzanso pabedi kuti asacite zilonda.

Usiku wina anati, "Mng'ono wanga, msana uwu ukapitiriza tere, ine nchito ndidzaleka."

Ndinacita mantha. Nchitoyi anali kuikonda kwambiri. Ndiponso ndalama zao ndi zimene zinali kulipirira mlongo wathu ku koleji.

Patapita masabata angapo, pa Cisanu cina, akulu anga anaiwala kiyi ya nyumba. Nditaweruka ku sukulu, ndinawaperekera ku cipatala. Mlonda wa pageti anandiuza kuti, "Pitani kuseri, pa kapinga. Amene aweruka ali kumeneko."

Ndisanafike, ndinamva nyimbo. Kenaka ndinaona anthu ataima m'mizere. Panali anamwino, madokotala, ophika, osesa ndi okankha njinga za odwala. Kutsogolo kunali amai ena. Nchito yao ndi kuthandiza odwala kuti ayambenso kuyenda.

"Manja m'mwamba! Manje gwirani zala za kumapazi!" anakuwa amaiwo.

Ine phwete kuseka! Dokotala wina wamkulu anali kulephera kufika ngakhale pamaondo. Pambali pao, amai osesa anawerama mosavuta, manja mpaka pansi. Pa kapinga paja panalibe bwana.

"Imwe amai a cikwama, musaseke cabe. Bwerani kuno!"

Ndinaika cikwama pansi ndi kulowa mumzere. Tinayamba kudumpha. Nditadumpha kakhumi, ndinali wefuwefu, thukuta kamukamu.

Akulu anga anagwira dzanja langa. Anaika zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa cala cacikulu. "Iwe, mtima wako ulira ngati ng'oma," anatero. Anandiuza kuti munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi. Akathamanga, umagunda msanga kuti magazi afike m'thupi lonse. Mtima umalimba ukamagwira nchito motere.

Pothera, amai aja anabweretsa katoni. Anaonetsa mmene tinganyamulire cinthu colemera. Pinda maondo. Msana ukhale woongoka. Katundu akhale pafupi ndi thupi.

"Ndipo wodwala musamunyamule nokha. Itanani mnzanu," anatero.

Pobwerera m'basi, akulu anga anati, "Zaka zonsezi ndinali kupinda msana m'malo mwa maondo."

Msana wao sunapole tsiku limodzi. Panapita miyezi, iwo alikupita ku masewera kawiri pa sabata. Pang'onopang'ono ululu unacepa. M'mawa wina ndinawaona alikuvula okha nsapato. Mpaka lero akali namwino.

Koma ine tsiku lija ndinacoka ndi manyazi. Nthawi ya masewera ku sukulu ikakwana, kambiri ndinali kuuza ana kuti, "Khalani, titsirize masamu." Pamenepo ndinali kulakwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limati mwana afunika kusewera mothamanga mphindi 60 tsiku lililonse.

Pa Mande ndinatulutsa kalasi langa lonse pabwalo. Atsikana anasewera waida. Anyamata anathamangitsana mpaka fumbi koboo. Titatha, ndinawauza kuti aike zala ziwiri pamkono, amve mtima.

Onse anakhala cete. Mwadzidzidzi mnyamata wina anakuwa, misozi ili m'maso.

"Aphunzitsi, ine ndilibe mtima!"

Ndinapita kukaona. Mwanayo anali atagwira pacigongono. Ndinasuntha zala zake kufika pamalo pake. Anamvetsera, anamvetsera, kenaka anamwetulira.

"Ulipo, aphunzitsi! Uthamanga!"